Mapanga Awiri Avumbwitsa

Mapanga awiri avumbwitsa. Amene adayamba kuponya mwambi umenewu ayenera kuti adali munthu wa kumapiri, woidziwa mvula ya mu Januwale imene imabwera osaodira. Mtambo wati bii, mphepo yazizira, madontho oyamba ayamba kulasa masamba. Munthu ali pakati, phanga lina kumtunda, lina kumunsi. Athamangira lakumtunda, aliona kuchepa. Akumbuka kuti lakumunsi lija n'lotakasuka, atembenuka. Ali m'njira, mtima umuuza kuti lakumunsilo limalowa madzi. Pamene azidzati ndasankha, malaya amata kale pathupi. Pobisala adali napo, pawiri penipeni, ndipo n'chimene chidamunyowetsa.

Mwambi umenewu umandisowetsa mtendere ndikamaganiza za ife Akhristu a m'dziko muno. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 77 adayankha kuti ndi Akhristu. Akatolika okha adali 17, a CCAP 14. Lamulungu m'mawa misewu ya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi imadzaza ndi anthu opanira Baibulo m'khwapa. Msonkhano wa nduna, wa makolo kusukulu, ngakhale wa banki m'khonde suyamba wina asanapemphere. Minibasi ili ndi vesi pagalasi la kumbuyo, okala ili ndi dzina lochokera m'Masalimo, ndipo basi ya ku Mzuzu isananyamuke pamapezeka mlaliki woipereka m'manja mwa Mulungu. Kuno dzina la Chikhristu silimuika munthu m'mavuto, kawirikawiri limamutsegulira zitseko. Tsono ngati pafupifupi tonse ndife a m'nyumbamo, Mkhristu adziwika ndi chiyani?

Funsoli lidatifika pakhosi mu 2013. M'mwezi wa Sepitembala chaka chimenecho, mkulu woona za bajeti ya boma atawomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Lilongwe, zidayamba kuululika kuti ndalama za boma zinkatuluka ku Capital Hill polipira katundu ndi ntchito zimene sizidaperekedwe n'komwe. Ena adapezeka ndi mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba zawo. Kampani ya Baker Tilly itafufuza, lipoti lake loyamba lidasonyeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidapita m'miyezi 6 yokha, pamene m'zipatala zambiri odwala ankabwezedwa popanda mankhwala. Cheke sichidzilemba chokha. Pali wolowetsa manambala mu kompyuta, pali wosaina, wodinda, wokatapa kubanki, ndiponso uja wa desiki yoyandikana amene adaona n'kuyang'ana kumbali. M'dziko la 77 pa 100, sindingakhulupirire kuti manja onsewo adali a anthu osadziwa khomo la tchalitchi. Ambiri mwa manja amenewo ayenera kuti Lamulungu lake adatambasuka kulandira mgonero.

Tikamakamba za Mkhristu m'dziko lamakonoli, timafulumira kuloza zooneka ndi maso. Tidayamba kale. Amishoni atafika, ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Nzama mu 1901, m'mipingo yambiri malire a pakati pa Mkhristu ndi wakunja adaikidwa pa mowa, mitala, gule wamkulu ndi chinamwali. Zina mwa izo zidali ndi chifukwa chomveka, ndipo makolo athu ena adakanidwa ndi abale awo chifukwa chosunga malamulo amenewo. Sindikuwapeputsa. Koma tidatengerapo chizolowezi choyeza chikhulupiriro ndi zimene maso angawerenge ali patali. Boma nalo lidalowererapo: lamulo la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo ngakhale lidachotsedwa nthawi imene ndale zinkasintha, mu Januwale 2012 anthu ena adavula amayi m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha zovala, akudziona ngati oteteza makhalidwe. Lero ulaliki wafika pa TikTok, mawigi, ndolo za anyamata ndi nyimbo za kumowa.

Ulaliki wotere ndi wopepuka kuunyamula. Umagwera atsikana ndi anyamata, anthu amene sangayankhe, ndipo wolalika sataya nawo kanthu. Mtsikana akatenga pathupi mpingo wonse umadziwa, amaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo, amaimitsidwa mgonero. Koma amene wamanga nyumba yosanja ndi malipiro oti tonse tikudziwa kuti sangagule ngakhale njerwa zake, timamulembera kalata kuti adzakhale mlendo wolemekezeka pa tsiku losonkhetsa ndalama zomangira tchalitchi, n'kumuyalira nsalu pampando wa kutsogolo.

Akhristu oyambirira ankadziwika ndi zina. Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia m'dziko limene lero ndi Turkey, adalembera Trajan, mfumu ya ku Roma, kufunsa chochita ndi Akhristu. Adali atawapanikiza ndi mafunso, ena adawazunza, ena adawapha. Zimene adapeza n'zakuti ankasonkhana pa tsiku loikika kusanache, kuimbira Khristu nyimbo, kenako n'kulumbira kuti sadzaba, sadzachita chigololo, sadzaphwanya lonjezo, ndipo sadzakana kubweza chimene munthu wawasungitsa. Za zovala zawo sadalembepo kanthu. Kalata ina yakale, yopita kwa Diognetus, imafotokoza kuti Akhristu sankasiyana ndi anzawo pa dziko lokhala, chilankhulo, chakudya kapena chovala. Ankasiyana nawo pa khalidwe. Ngakhale Danieli ndi anzake ku Babulo adalandira mayina a kumeneko, adaphunzira chilankhulo ndi mabuku a kumeneko, nagwira ntchito m'boma la kumeneko. Adakana zinthu zowerengeka chabe, koma pa zimenezo sadasunthe, ng'anjo ya moto ndi dzenje la mikango zili poteropo.

Choncho ine sindiopa foni ya m'manja kapena intaneti monga ena amaopera. Phanga lachiwiri lili pafupi nafe kuposa pamenepo, ndipo n'lakale kuposa magetsi.

Pitani pa msika wa kumudzi m'mwezi wa Meyi kapena Juni, ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Dowa, soya ndi mtedza zikamatuluka m'minda. Pansi pa mtengo pali mnyamata, wakoleka sikelo panthambi, matumba wasanja pambali, kasipika kakuimba nyimbo za kwaya. Afika mayi atasenza thumba, mwana ali kumsana, thukuta lili kamukamu. Kunyumba adayeza ndi ndowa yake, ndipo kulemera kwa katunduyo akukudziwa bwino, pakuti khosi limene lanyamula ndi lake. Mnyamata akoleka thumba, muvi wa sikelo ugwedera, iye augwira ndi chala usanakhazikike, natchula makilo. Mayi ayang'ana muviwo, ayang'ana mnyamatayo.

"Koma achimwene, kunyumba zinali zoposa pamenepa."

"Mayi, sikelo sinama. Ngati simukufuna pitani nazo kwina."

Kwinako n'kutali, ndipo sikelo ya kumeneko ndi chimodzimodzi. Mwana wamkulu adabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mayi alandira ndalama, aziwerenga kawiri, azimanga pansonga ya chitenje, nanyamuka osatsanzika.

Mnyamata uja si chilombo. Mwina ndiye amaimba besi m'kwaya ya kwawo, mwina ndiye amasamala amayi ake amasiye. Ndalama zogulira mbewu adachita kutumiziridwa pa Airtel Money ndi bwana wa m'tauni, ndipo malipiro ake enieni ali m'makilo amene sikelo ikubisa. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka, a Malawi Bureau of Standards amalanda masikelo obera akawapeza, koma pansi pa mtengo paja palibe wa boma. Pali iye, mayi uja, ndi Mulungu amene amamuimbira. Mukamufunsa adzakuyankhani mawu amene tonse timawadziwa, chifukwa timawalankhula m'maofesi, pa marodibuloko, m'zipatala ndi m'masukulu: zinthu zimayenda choncho, aliyense akupanga zomwezo, mbuzi imadya pamene aimangirira, ukalungama kwambiri ana agona ndi njala. Phanga lachiwiri ndi limeneli. Lamulungu timathamangira kwa Yesu, Lolemba timathamangira kwa "zimayenda choncho", ndipo pakatipo tikuvumbwa tonse. Mayi uja wabwerera ndi ndalama zoperewera. Mnyamata uja tsiku limene adzadwazike mwana adzauzidwa kuti mankhwala kulibe, koma akapereka kangachepe apezeka, ndipo adzatukwana dziko, osadziwa kuti womuuzayo akungoyankhula chinenero cha pansi pa mtengo paja.

Sindikunena izi ngati munthu wosadziwa mtengo wa sopo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti pa tsiku limodzi, feteleza, shuga, mafuta ophikira ndi lendi zidathawa, malipiro n'kutsala m'mbuyo. Mphunzitsi kapena kalaliki amene amasaina pepala la alawansi ya msonkhano umene sadapiteko, nthawi zambiri sakufuna kulemera. Wakatapila akumudikira pakhomo. Chimene chimatithamangitsira kuphanga lachiwiri ndi mantha kuposa dyera, mantha akuti Mulungu amasamala za mzimu, koma za ufa tidzionere tokha. Yesu, pamene ankanena za kutumikira mabwana awiri, bwana wachiwiri amene adamutchula adali chuma, ndipo atangotero adayamba kukamba za nkhawa ya chakudya ndi zovala. Ankadziwa pamene mapazi athu amaterereka. Yohane Mbatizi naye, okhometsa msonkho ndi asilikali atamufunsa chochita, sadawauze kuti asiye ntchito akakhale kuchipululu. Adawauza za ndalama: asalipiritse mopitirira, asaopseze anthu kuti awalande, akhutire ndi malipiro awo. Adawabweza kuntchito komweko, koma ndi manja ena.

Mantha omwewa ali ndi nkhope ina. Mwana akadwala matenda osamveka, m'mawa timaitana abusa, usiku tikagogoda kwa woombeza. Sindikunena za mankhwala azitsamba, amene ambiri ndi mphatso ya Mulungu. Ndikunena za kufuna dzina la munthu woti timusenzetse tsoka lathu. Masiku ano dzinalo ena amakalimva kwa mneneri, pa maikolofoni, kamera ikujambula, ndipo kawirikawiri limakhala la agogo kapena azakhali osauka a kumudzi. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu adapha okalamba 4 powaganizira ufiti. Lamulo la 1911 loletsa kunenera munthu ufiti lidalipo, koma lamulo siligona pakhonde la agogo. Amene amakhala pafupi ndi anansi. Gulu likamasonkhana, miyala ndi zikwanje zili m'manja, Mkhristu amadziwika ndi pamene waima. Kuima pakhomo la gogo amene mudzi wonse wamuweruza kale n'kuika moyo wako pachiswe, chifukwa mawa adzati nawenso umadya nawo. Komabe palibe yunifolomu ya amayi a mpingo kapena kolala ya mbusa imene ingalowe m'malo mwa kuima kumeneko.

Dziko lino lidawaonapo anthu osankha phanga limodzi. Mboni za Yehova zidakana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress, ndipo boma lidaletsa mpingo wawo mu 1967. Adamenyedwa, nyumba zawo zidatenthedwa, adachotsedwa ntchito, ena adaphedwa. Mu 1972 zikwi zambiri zidathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Munthu angathe kutsutsana nawo pa ziphunzitso zawo, monga inenso ndimatsutsana nawo, koma khadi lija lidali lotchipa kwambiri poyerekeza ndi zimene adataya, ndipo sadaligule. Kwa zaka zambiri mipingo ikuluikulu idali duu. Ambiri a m'mipingoyo ankayenda ndi khadi m'thumba limodzi, buku la nyimbo m'thumba lina.

Kukhala chete kumeneku kudatha pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi imene pa Chingerezi imadziwika kuti Living Our Faith. Idasindikizidwa ndi a Montfort ku Balaka, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. M'kalatamo mudalibe chachilendo. Idakamba za malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika imene alimi ankalandira, kuthithikana kwa ana m'makalasi, mavuto a m'zipatala, ziphuphu ndi kukondera, anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu, ndi mantha oletsa munthu kulankhula zakukhosi. Aliyense ankazidziwa, ankazinong'ona m'nyumba atatseka chitseko ndi kuyamba wasuzumira pazenera. Chatsopano chidali chakuti zidanenedwa masanasana, paguwa, m'dzina la chikhulupiriro.

Patangopita masiku awiri, Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake adaitanidwa kupolisi ku Blantyre, nafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Pa msonkhano wa akuluakulu a chipani ku Lilongwe ena adanena poyera kuti maepiskopiwo aphedwe. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idatenthedwa. Mu Epulo, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu, mbadwa ya ku Ireland, adathamangitsidwa m'dziko. Koma mawu adali atatuluka kale. Ophunzira a ku Chancellor College adaguba ku Zomba kugwirizana ndi maepiskopi, atsogoleri ena a CCAP adapereka kalata yawo kwa Pulezidenti Kamuzu Banda m'mwezi wa Juni, kenako mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda adapanga Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota kuti akufuna zipani zambiri.

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Amene adabatizidwa m'dzina la munthu wopachikidwa pamtanda ayenera kudziwa banja limene adalowamo. Mayina a maepiskopi aja adalembedwa m'mabuku, ndipo n'koyenera. Koma ine mtima wanga umapita kwa anthu amene mayina awo sadalembedwe paliponse: amene adagwira ntchito pa makina osindikizira akudziwa chimene akusindikiza, amene adanyamula mitolo ya kalatayo kupita nayo kumaparishi, katekisiti wa tchalitchi chaching'ono cha kumudzi amene adaimirira n'kuwerenga mpaka tsamba lomaliza, tcheyamani wa chipani atakhala pabenchi pomwepo. Iwowa adalibe kazembe wa Papa wowalankhulira, ndipo wailesi za kunja sizikadawatchula akadasowa usiku. Adali ndi ana, minda ndi ngongole monga aliyense.

Lero palibe amene angatimange chifukwa chosunga kalata. Kung'anima kwa masiku ano n'kwa kachetechete. Wokana kusaina amasamutsidwira ku ofesi yopanda ntchito, amadumphidwa pokweza maudindo, anzake amadula nkhani iye akalowa, amamutcha wodzimva. Kumudzi abale amamufunsa kuti anzako akumanga, iwe ukudikira chiyani? Mnyamata woongola sikelo, bwana amamulanda ndalama n'kupatsa wina. Ulaliki umene wadzaza pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp, wolonjeza galimoto, viza ndi ukwati kwa aliyense wofesa mbewu ya ndalama, sumukonzekeretsa munthu zoterezi. Umamuuza kuti akavutika ndiye kuti chikhulupiriro chake chachepa, kapena wina wamutchingira mwayi. Limeneli ndi bodza loopsa, chifukwa limachititsa manyazi munthu yekhayo amene waima, n'kuombera m'manja amene wathawa.

Apa mpingo uli ndi ngongole, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kunyamulana timakudziwa. Namondwe Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu a m'mipingo adasonkhanitsa ufa, zovala ndi mabulangete osadikira kuuzidwa. Pamaliro amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika amachezera usiku wonse, kuimba, kutunga madzi ndi kuphika. Luso limenelo tili nalo. Koma munthu amene wachotsedwa ntchito chifukwa chokana katangale timamusiya yekha, mwinanso kumuseka kumbali kuti adagona. Mphakati kapena mlaga umene umakumana pakati pa sabata ungathe kumulipirira lendi kwa miyezi ingapo, kumusungira ana pasukulu, kumufunira ganyu, kufikira atapezanso poima. Akulu a mpingo angathe kupita kwa mkhristu wawo wogula mbewu atanyamula paketi ya shuga ya kilo imodzi, kuikoleka pasikelo yake, n'kukhala naye pansi kukambirana monga amachitira ndi banja limene layambana. Ndipo envelopu yonenepa ikabwera pa tsiku losonkhetsa ndalama, abusa ndi msungichuma angathe kufunsa kumene ndalamazo zachokera, yankho likapanda kumveka n'kuibweza mwaulemu. Tchalitchi chidzakhala chaka china, mwina ziwiri, chopanda matailosi ndi siling'i, ndipo ena adzasamukira kumpingo umene sufunsa mafunso.